Zina (Fotokozani)

Funso lachisanu ndi chinayi pa tabuleti yanga limati:
Kodi mumamvetsa zimene zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala?
Eya. Ayi. Zina.
Pa Zina pali kampata ka zilembo makumi anayi.

Abiti Ajusa anafika pa Matawale dzuwa lisanawawe,
pa kabaza kuchokera ku Jali,
buku lawo atalikulunga m'jumbo ya shuga
chifukwa loyamba linapita ndi madzi a Likangala
pamodzi ndi mbuzi ziwiri
ndi zaka zisanu ndi chimodzi za matenda awo.

Anandipatsa ndi manja awiri.
Ndinatsegula.
Chingerezi cha adokotala chili ngati pomwe yapalasa nkhuku,
ine amene ndinakhala zaka zinayi ku Chirunga
ndinachita kutsinzina diso limodzi.
Piritsi limodzi, kawiri pa tsiku.
Iwo anamva kuti awiri, kamodzi,
ndipo mwezi wathunthu dziko lakhala likuwazungulira kumunda,
khasu n'kumalemera ngati la munthu wina.

Ndinafunsa m'Chichewa changa cha pa fomu,
chija tinachisita mu ofesi masabata atatu
tikukangana ngati kuthamanga kwa magazi
n'chimodzimodzi ndi mtima kugunda.
Anandiyankha m'Chiyawo.
Tinayang'anana.

Anatipulumutsa ndi a Witinesi, okolopa m'khonde,
amene dzina lawo silili pa pepala lililonse la kafukufukuyu.
Anatsamiritsa chokolopera pakhoma,
anapukuta manja pa ovolosi,
n'kukhala mlatho.
Akuti, mutu wawo umalira ngati chigayo chakutali.
Akuti, usiku mtima umagogoda ngati mlendo wa ngongole.
Akuti, kwawo mtela ndi mtengo, mtela ndi mankhwalanso,
nanga mtengo umene sudziwa dzina lake
ungaudye masamba bwanji?

Makina athu zonsezi amazitcha ndi chilembo chimodzi ndi manambala awiri.

Netiweki ikakhala bwino,
nambala ya Abiti Ajusa imafika ku Lilongwe
iwo asanafike n'komwe pa depoti.
Kumeneko imasanduka kadontho pa tchati,
imavala tayi, imalowa m'misonkhano,
imamwa madzi a m'botolo.
Koma sinabwererepo ku Jali
kudzawauza mwini wake kuti zikuyenda bwanji.

Iwo anafunsa, akuloza tabuleti ndi mlomo:
Kanthuko kandidziwa tsopano.
Nanga ine kandiuza chiyani?

A Witinesi anamasulira, kenaka anayang'ana pansi
ngati funsolo alitaya ndi iwo.

Malamulo a kafukufuku amati ndisalangize wodwala.
Ndinaitana anamwino, a Nankhonya, ali ndi mzere wofika pa mpanda.
Anabwera akung'ung'udza,
anatenga cholembera changa osapempha,
pachikuto cha buku anajambula dzuwa, piritsi limodzi,
mwezi, piritsi limodzi.
Mwezi wake unaoneka ngati nthochi.
Abiti Ajusa anaseka mpaka kutsokomola.
Sikomo, anatero. Limenelo ndinalimva ndekha.

Tsopano ndili ku Chinamwali, magetsi azima,
phiri lasowa mumdima, agalu okha ndiwo akulikumbuka.
Ndikumvetsera zimene ndinajambula masana,
batire latsala pang'ono.
Pa mphindi ya khumi ndi chinayi pali chifuwa chija,
pambuyo pake chokolopera chikugwa pansi,
wina akuitana nambala makumi atatu ndi ziwiri.
Mawa a Mpinganjira adzafuna mafomu onse ali odzaza,
opanda mpata, opanda nkhani.

Eya ndi bodza.
Ayi ndi theka.
Ndadina Zina.

Ndalemba: Anamvetsa atamasulira okolopa, anamwino
ndipo kampata kakana, zilembo zakwana.
Dzuwa, mwezi wonga nthochi, chigayo chakutali,
zatsala kunja,
zakhala pa benchi
kudikira kuitanidwa.